Zotsatira Zafika Usananyamuke

Kanini, Ndola
Lachinayi masana

Tisa mwanawanga,

Zotsatira za chotupa chija cha m'bere zafika lero m'mawa. Ndi khansa. Dokotala wandipatsa pepala ndawerenga ndekha, ndipo palibe mawu amene ndawamva molakwika. Ndinakalambira mu labu ya chipatala, mawu amenewo ndimawadziwa. Chimene sichinadziwike n'chakuti yafalikira kapena ayi. Zimenezo adzaziona Lachitatu likubwerali akadzandijambula m'chifuwa ndi m'mimba. Iwe ndege yako inyamuka mawa.

Ndikulemba uli ku Kitwe kotsanzikana ndi anzako a kuntchito. Ndikanatha kudikira kuti ndikuuze pakamwa, koma ndikudziwa m'mene zingathere. Ndikangotchula mawu oyamba atate ako ayamba kulira, azakhali ako a Esinati ayamba pemphero, iwe uyamba kufufuza manambala a madokotala m'foni, ndipo zimene ndikufuna kunena zitsalira m'kamwa. Papepala palibe wondidula mawu.

Uyeneranso kudziwa kuti m'nyumba muno agwirizana kuti iwe usamve. Atate ako anaimbira azakhali ako tidakali pageti la chipatala, ndipo pofika kunyumba tinawapeza atakhala kale pakhonde. Anachoka ku Twapia atasiyira mnzawo tomato wawo pamsika. Nkhani anaimaliza awiriwo ine ndisanamwe n'komwe madzi. Akuti ukafunsa madzulo ano tikuuze kuti zotsatira zachedwa, ndipo ukakakhazikika ku Mangalande tidzakuuze kuti anali mafuta chabe. Nditayesa kutsutsa, azakhali ako anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Awe mulamu, mwana wamanga kale katundu. Mufuna amasule?"

Atate ako sanakweze mawu. Anangoti, "Amake Dalitso, khalani chete mpaka akafike. Ndakupemphani." Ine ndinayankha kuti ndamva. Sindinanene kuti ndavomera. Mchimwene wako Dalitso titamuimbira anangonena kuti atsatira zimene amayi aganize. Ukumudziwa, ndi m'mene amawakanira atate ake.

Usawakwiyire. Akuchita zimene anaphunzira, ndipo mwambowo si wopusa. Kumigodi kuno munthu sankauzidwa uthenga woipa asanatsike pansi. Ankamudikira atuluke, asambe, adye, kenako akulu awiri amukhazike pansi. Ankadziwa kuti munthu wosweka mtima akagwira makina angadzipweteke, n'kupwetekanso anzake. Atate ako anagwira ntchito pansi zaka zambiri, ndipo m'maso mwawo sukulu imene ukupitayi ndi mgodi wina: ukatsika, tidikire utuluke. Vuto n'lakuti shifiti imatha tsiku lomwelo, pomwe digiri ya kafukufuku ngati yakoyi imadya zaka. Sungabise chinthu zaka zonsezo m'tauni ngati Ndola.

Ine mwambo umenewu unandigwera ndili ku koleji ku Lusaka, chaka chomaliza. Atate anga, agogo ako amene sunawaone, anadwala mapapo n'kumwalira kutatsala pang'ono kuti tilembe mayeso. Makalata ochokera kwathu sanasiye kubwera. Amayi ankauza mnansi wathu wodziwa kulemba, ndipo kalata iliyonse inkayamba chimodzimodzi, kuti kuno tonse tili bwino. Nditamaliza mayeso ndinakwera sitima ndili ndi shati imene ndinawagulira atate. Ndisanafike n'komwe pakhomo pathu m'komboni ya mgodi, ndinakumana ndi msuweni wanga akupalasa njinga yawo. Njinga imeneyo sankabwereketsa munthu. Ndinadziwira pamenepo. Mayeso ndinakhoza, n'zoona, ndipo akulu ankanena kuti mwaona, tikanamuuza akanalephera. Mwina akanatero, palibe angatsimikize. Koma chimene ndinataya sanachiwerengere. Kuyambira tsiku limenelo mawu akuti tili bwino analeka kugwira ntchito kwa ine. Ukukumbukira uli ku sekondale yogonera konko, unkadabwa kundiona ndatulukira Loweruka popanda chifukwa? Chifukwa chake chinali chimenechi. Unkandilembera kuti uli bwino, ine n'kukwera basi kukaona ndi maso. Sindikufuna kuti iwe ukakhale choncho kutali kuja, ndikamalankhula pafoni uzimvetsera kapumidwe kanga m'malo momvetsera mawu anga. Munthu wotero sangawerenge buku n'kumva.

Ungaganize kuti amene zinamuwawa chotero sangachitire mnzake. Ine ndinachita, ndipo nkhaniyi waimvapo kwa amalume ako a Yohane, ngakhale iwo amaikamba moseka. Anali ku Kabwe kuphunzira za magetsi pamene amayi athu anafa ziwalo mbali imodzi. Ine, monga wophunzira wa pabanja, ndinalamula kuti asauzidwe mpaka alembe mayeso omaliza. Ndinaona kuti amayi sali pangozi, akudya, akulankhula ngakhale pakamwa panapotoka, ndiye palibe chomusokonezera mnyamata. Ndinaiwala kuti mayi wina wa m'komboni mwathu ankapita ku Kabwe kukagula nsomba zouma. Anakumana ndi mnyamatayo pasiteshoni ya basi, n'kumugwira manja onse awiri kumupepesa. Ndipo m'kamwa mwa mayiyo matenda anakula. Anamuuza kuti amayi sakulankhulanso, ansembe abwera kale kudzawadzoza mafuta. Amalume ako anakwera basi yomweyo osauza aliyense ku koleji. Anafika n'kupeza amayi ali panja padzuwa, akutongola mtedza ndi dzanja limodzi, akukalipira nkhuku. Mayeso anamudutsa, ndipo manyazi sanamulole kubwerera. Lero amakonza mafiriji, ana ake aphunzira, sadandaula. Koma ine ndikudziwa kuti ndikanamulembera zoona, kuti amayi adwala chakuti, dokotala wanena chakuti, lemba mayeso ubwere, akanalemba.

Phunziro lake ndi ili, Tisa, ndipo ulisunge: uthenga umafika basi. Chimene tingasankhe ndi wounyamula. Lero kulibenso kudikira mayi wa nsomba. Amayi a ku chitente chathu, amene timapemphera nawo m'makomo pakati pa sabata, ali ndi gulu lawo pafoni. Pofika Lamulungu dzina langa likhala litalowa m'mapemphero a odwala, ndipo pofika Lolemba mnzako wina amene munaimba naye kwaya akutumizira uthenga woti akuwapempherera amayi. Iwe uli wekha m'chipinda cha eni, m'dziko lozizira, usanadziwe ngakhale kokwerera basi. Ukanatani? Ukanachita zimene anachita amalume ako. Ndasankha kuti umve kwa ine, uli pano, pepala la dokotala lili pafupi kuti uliwerenge wekha.

Tsopano ndifike pa choyamba, chimene ndikuopa kwenikweni. Sindikuopa kuti ulira. Ndikuopa kuti unena kuti ukhale kaye chaka chimodzi. Mawu amenewo ndimawadziwa chifukwa ndinawanenapo. Dalitso ali wamng'ono, iwe usanabadwe, chipatala cha mgodi chinandisankha kuti ndikawonjezere maphunziro a za labu kunja. Nthawi yomweyo apongozi anga, atate a atate ako, anabwera kuchokera ku Chadiza akutsokomola magazi. Panalibe msonkhano, panalibe wondikakamiza. Aliyense anangondiyang'ana, poti ine ndinali wathu wa kuchipatala, ndipo ine ndinalemba kalata yopempha kuti andidikire chaka chimodzi chokha. Chaka chitatha agogo ako anali akadali moyo, akudwalabe. Kenako unabadwa iwe. Kenako migodi inagulidwa ndi eni ena, amene anandisankha aja anachoka, ndipo nditapita kukafunsa, mlembi watsopano sanadziwe n'komwe kuti kunali nkhani yotero. Sindidandaula kuti ndinadwazika nkhalamba ija, inali yabwino mtima. Chimene ndimadandaula n'chakuti palibe anafunsa, ngakhale ine mwini, kuti kodi wodwalayu akusowa chiyani makamaka, nanga angamuchitire ndani. Ndikayang'ana m'mbuyo, ntchito yanga inali kuphika phala, kuchapa zofunda ndi kuima pamzere wa mankhwala. Azakhali ako ankazichita zimenezi kuposa ine, ndipo agogo ako ankadya bwino akamadyetsedwa ndi mwana wawo.

Ndiye funso limene sitinafunse nthawi ija ndalifunsa lero. Ndikusowa wondidula chotupa, ndipo ameneyo ndi dokotala wa opaleshoni, si iwe. Ndikusowa wonditenga pagalimoto, Dalitso alipo, ndipo kuchokera ku Parklands kumene amakhala kufika kuno si ulendo. Ndikusowa wogona pambali pa bedi m'wodi, ndipo azakhali ako alanda kale malowo, anena kuti aliyense wowapikisa akumana nawo. Akadzanditumiza ku Lusaka kukawotcha nthendayi ndi makina, mwana wa amalume ako ali ndi chipinda. Wokangana nane kuti ndidye, atate ako akhala akuchita zimenezo chikwatirane. Ndafufuza malo ako m'zonsezi, ndipo ntchito imene ungagwire iwe wekha sindinaipeze. Chimene ndapeza n'chakuti ndingakonde kukuona ukulowa pakhomo madzulo alionse. Chimenecho ndi chilakolako, si chosowa, ndipo sindingakulipiritse digiri chifukwa cha icho.

Kalata ya amene akukulipirira sukulu ndinaiwerenga pamene unandionetsa, ndipo masana ano ndaiwerenganso. Salola kusuntha tsiku loyambira. Ukapanda kufika, malo apatsa wina. Unayesa kawiri kupempha thandizo limeneli osalipeza, unalemba mapepala aja mpaka maso kufiira, uku masana ukuyendetsa kiliniki yopanda mankhwala okwanira. Usadzinamize kuti adzakudikira chifukwa nkhani yako ndi yomvetsa chisoni. Mlembi amene adzakhale pampando umenewo chaka chamawa sadzakudziwa.

Chachiwiri, ukapita upite ndithu. Usakakhale thupi ku Mangalande, mutu uli m'makhonde a chipatala cha kuno. Iwe tsopano ndiwe wathu wa kuchipatala, unalowa m'malo mwanga, ndipo ndimaona m'mene foni yako imalirira. Wina akufuna bedi, wina akufuna tsiku lake lisunthidwe, wina akufuna ungomulankhulira kwa sisitala. Ine ndinachita zimenezo zaka zambiri ndipo ndinkaziyesa chifundo. Tsiku lina ndinatuluka m'labu kukatenga mayi wa kutchalitchi kwathu amene anali atangofika, n'kumulowetsa pakhomo la kumbali. Mayi wina amene anali pabenchi chiyambire m'mawa, mwana ali kumsana, sanakalipe. Anangondiyang'ana ndikudutsa n'kunena m'Chibemba, "Bamayo, na ine ndi muntu." Anatanthauza kuti nayenso ndi munthu. Ndinamutenga magazi pambuyo pake. Sindinasiye khalidwelo tsiku lomwelo, ndisakunamize, achibale salola kuti usiye. Koma kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti aliyense amene ndamulowetsa kumbali, pali wina amene ndamubweza m'mbuyo.

Pamene unandiuza kuti kafukufuku wako adzakhala pa nkhani yomweyi, chifukwa chimene wodwala amafunikira kudziwana ndi munthu kuti athandizidwe msanga, ndi m'mene chipatala chingayendetsedwere kuti mzere uziyenda wokha, sindinanene zambiri. Atate ako ndiwo anathamanga kukauza anzawo kometetsa kuti mwana wawo akukaphunzira kulamulira madokotala. Ine ndinangopita kukhitchini. Koma ndinaganiza za mayi wa pabenchi uja. Ndiye usakathere miyezi yako yoyamba ukuimbira anzako kuti andidumphitse mzere. Tsiku langa likasunthidwa ndidzakuuza, iwe udzatiuze ofesi yoyenera kukadandaula ndi mawu oyenera kulemba, ife tidzalowera khomo la kutsogolo. Apa ndiyenera kunena zoona zonse. Ndikulemba izi mutu uli wozizira. Akadzandiuza kuti ndidikire miyezi kuti makina a ku Lusaka andipeze, chotupa chikukula, sindikudziwa ngati ndidzalankhulabe chonchi. Mwina ndidzakupempha ndekha kuti uimbe foni. Zikadzatero udzaweruze wekha, sindikukumanga. Ndikungofuna udziwe zimene ndinkaganiza mantha asanandilowe m'mafupa.

Chachitatu chikukhudza aphunzitsi amene akakuyang'anire. Ndawerenga zambiri za maphunziro amenewa kuchokera pamene unalandira malo, mwina kuposa m'mene ukuganizira, ndipo onse amene anadutsamo amanena chinthu chimodzi, kuti palibe belu, palibe wokuitana. Ife tinaleredwa kuti wamkulu sumuyamba, umadikira akuitane. Nditangoyamba ntchito kunabwera makina atsopano oyezera magazi, ndipo mkulu wa labu ananena kuti adzandiphunzitsa. Ndinadikira. Ndinkamupatsa moni m'mawa uliwonse mwaulemu, n'kubwerera kukatsuka mabotolo. Patapita miyezi anandiitana kundifunsa chifukwa chimene ndinalibe chidwi ndi ntchito. Iye ankayesa kuti sindikufuna, ine ndinkayesa kuti ndikumulemekeza. Iwe uli ndi kamtima komweko, ngakhale umalamula anthu kuntchito. Ukakhala pamaso pa munthu amene umamuona kuti ndi wophunzira kuposa iwe, umangoti inde. Kumeneko inde sakakuthandiza. Ukagogode pakhomo, ukapereke zimene walemba zisanakongole, ukatsutse pamene ukudziwa kuti zimene zili m'buku sizifanana ndi zimene unaona m'wodi. Iwe wayendetsapo kiliniki magetsi atazima, katemera ali m'firiji. Zimenezo ndi nzeru, usakazibise chifukwa cha ulemu.

Ndipo sabata yoyamba yomweyo ukawauze za ine. Osati molira, osati mopempha chisoni. Ukanene kuti mayi anga awapeza ndi khansa, akuyamba chithandizo, ndikufuna kudziwa malamulo a tchuthi ngati nditafunika kwathu mwadzidzidzi. Ukafunse ndani amasaina, chimachitika n'chiyani ndi thandizo lako ukachoka kwa kanthawi, nanga chitupa chokhalira m'dzikomo chimati chiyani. Uzidziwe zimenezi usanazifune. Amalume ako chinawagwetsa si ulendo wobwera kwathu, koma kuchoka osatsanzika.

Pangano lathu likhale la mbali ziwiri. Ine sindikubisira, iwenso usandibisire. Ndikukumbukira uli kusukulu ya unamwino, unalephera mayeso a za mankhwala ndipo unakhala nazo wekha teremu yonse. Unabwera patchuthi utaonda, siketi ikuzungulira m'chiuno, n'kutiuza kuti anali malungo. Ine ndinakutenga magazi ndekha, malungo osawapeza, ndipo ndinakhala milungu ndikuganiza matenda oopsa amene sindingawatchule, mpaka Dalitso anandiuza. Tsopano ukhala ndi chifukwa chooneka chabwino chobisira. Uziti amayi akudwala, ndisawawonjezere katundu. Usatero. Akakubwezera chaputala chodzaza ndi inki yofiira, undiuze. Mdima wa kumeneko, umene amati umagwa anthu asanaweruke, ukakulemera mpaka kulephera kudzuka, undiuze, ndipo ukaonane ndi a chipatala cha pasukulupo, usakangopemphera chabe. Wodwala amafunanso kumva mavuto a anzake. Mukadzayamba nonse kundiuza zokoma zokhazokha, ndidzadziwa kuti mwaleka kundiona ngati mayi wanu, mukungoona chotupa.

Zazing'ono nazo ndinene ndisanaiwale. Finkubala, mphalabungu zouma zija, ndi tinsomba ta kapenta zimene azakhali ako anakulongedzera ndazitulutsa m'chikwama, angakulande pabwalo la ndege n'kukuchedwetsa. Usawauze, ndidzadya ine. Jekete limene unagula pasalaula, pa zovala za kaunjika paja, ndi lokongola koma si la chisanu cha kumeneko, ukagule lina ukangofika. Ukapeze tchalitchi, ngakhale masiku ano umapita mwa apo ndi apo. Sindikunena za chikhulupiriro chako, chimenecho ndi chako. Ndikunena kuti pakhale malo amodzi pamene ukapanda kuoneka wina adzafunsa.

Tsopano chovuta kuposa zonse. Mankhwala a khansa ndawaona m'mene amachitira anthu. Ndaona amayi olimba, oyendetsa misika, atasanduka ana. Ine sindine wosiyana nawo. Lidzafika tsiku, mwina tsitsi litathothoka, ndikusanza, pamene ndidzakuimbira ndikulira n'kunena kuti Tisa bwera, ndikufa. Tsiku limenelo ndidzakhala ndikunena zimene ndikumva, koma zimene ndikumva si zimene dokotala wapeza. Undimvere chisoni, ulankhule nane mpaka ndigone, koma usagule tikiti. Uimbire Dalitso. Ndamuimbiranso ndekha atate ako atatuluka, ndipo tapangana. Pepala lililonse lochokera kuchipatala azilijambula n'kukutumizira tsiku lomwelo, labwino kapena loipa, osadikira kuti umalize mayeso kapena chaputala. Iwe umadziwa kuwerenga mapepala amenewo kuposa tonsefe. Ndipo madokotala akadzanena kuti chatsala n'kuchepetsa ululu basi, kapena ine ndikadzafika posatha kudzilankhulira, Dalitso adzakuuza kuti ubwere, mosazungulira. Ukadzamva zimenezo kwa iye, udzadziwitse aphunzitsi ako n'kunyamuka. Sitidzakudikiritsa, ndipo sudzakumana ndi munthu panjira atavala nsalu yanga. Dalitso anavuta kuvomera. Anati ndikumusenzetsa katundu wolemera, ndipo akunena zoona. Uzimuimbira nayenso, osati kungofunsa za ine.

Mwina ukufunsa kuti bwanji Lachitatu akapeza kuti yafalikira kale. Ndadzifunsa funso lomwelo kuyambira m'mawa. Yankho n'lakuti sindikudziwa, ndipo sindikufuna kumanga chiganizo pa chinthu chimene sichinayezedwe. Dokotala wanena kuti chotupacho si chachikulu kwambiri, m'khwapa sanamve kanthu ndi manja, koma manja si makina. Zikadzakhala zoipa tidzakhala pansi, iwe uko ife kuno, mapepala ali patsogolo, n'kuonanso. Ngakhale pamenepo kudzakhala kosavuta kupempha tchuthi uli wophunzira wawo kale kusiyana ndi kupempha malo amene unawakana. Ndiponso m'mapepala ako mwalembedwa kuti chaka chachiwiri udzabwera kudzachita kafukufuku m'zipatala za kuno. Chimenecho ndi chinthu chogwirika, ndipo ndachigwira. Sindikulonjeza kuti ndidzakhalapo tsiku limene udzavale chipewa cha digiri chija. Sindinalonjezepo munthu zimene sindinaziyeze, ndipo sindiyamba lero. Ndikulonjeza kuti ndidzapita tsiku lililonse limene andiitana, ndidzamwa chilichonse chimene andipatsa, ndipo sindidzalola azakhali ako kunditengera kwa mneneri wawo wa ku Twapia m'malo mwa chipatala. Akafuna, mneneriyo abwere adzapemphere m'wodi.

Chiganizo ndi chako. Ndiwe munthu wamkulu, ndipo ndikanakubisira ndikanakhala ndakusankhira, monga anandisankhira ine, monga ndinawasankhira amalume ako. Ukasankha kukhala, sindikunama kuti sindidzakwiya. Ndidzakwiya, ndipo nthawi iliyonse ukadzandibweretsera phala ndidzaona digiri yako m'mbalemo. Koma ndidzadya, ndipo udzakhalabe mwana wanga. Ndangofuna kuti posankha udziwe zonse zimene ine ndikudziwa, kuphatikizapo ichi, chakuti ndili ndi mantha, ndipo ngakhale ndili nawo ndikufuna upite.

Kalatayi ndikupatsa ukangofika kuchokera ku Kitwe, tisanadye. Ukawerengere kuchipinda kwako. Ukamaliza undipeze kuseri kwa nyumba, ndidzakhala ndi pepala la dokotala, ndipo undifunse chilichonse monga ungafunsire za wodwala wina aliyense. Atate ako akwiya nane, mwina salankhula nane mpaka mawa. Upite ukakhale nawo pang'ono. Iwo mantha awo alibe kowaika, ndipo kukubisira inali ntchito yokhayo imene anaipeza yoti agwire lero. Azakhali ako anena kuti ndaika tsoka paulendo. Uwalole akupempherere m'mene akufunira, ngakhale pemphero litalike.

Dalitso afika ndi galimoto mawa m'mawa pa naini awazi. Ine ndikhala nditavala kale. Ndikhala kutsogolo, poti kumbuyo ndimachita chizungulire, ndipo atate ako ndi azakhali ako akhala kumbuyo. Pakati pawo patsala malo a munthu mmodzi. Sinditembenuka kukuitana. Ndikhala ndikudikira kumva chitseko chikutsekedwa.

Ndine mayi wako.